Kupulumutsa mafayilo a mu laputopu yakale

Achimwene, mwati laputopu yanu sikuyakanso koma muli zithunzi za ukwati. Musataye mtima, nthawi zambiri hard drive (diski yosungira mafayilo) imakhala ili bwinobwino.

Choyamba, chotsani chaja ndi batire, mumasule timasikulu ta kunsi, mutulutse diskiyo mosamala. Yang'anani kukamwa kwake (polumikizira) kuti mudziwe mtundu wake: ikakhala ndi timano tambiri tosongoka ndi IDE, apo ayi ndi SATA. Kenako kafufuzeni kesi ya USB (kabokosi koikamo diski) ya mainchesi 2.5 yogwirizana nayo m'mashopu a makompyuta ku Old Town, ndipo diskiyo muitenge kuti akuyesereni pompo.

Ilumikizeni ku kompyuta ina, mukopere zithunzizo poyamba, zina pambuyo. Windows ikakuuzani kuti mupange format (kufufuta za mu diskimo), chonde kanani! Yesani PhotoRec, pulogalamu yobwezeretsa mafayilo, ndi yaulere, koma zopezekazo muzisungire pa diski ina.

Mukamva ikulira kuti khe-khe-khe, izuleni msanga mupite nayo kwa akatswiri.