Phula likatseka khutu, musalitokose

Khutu likamamveka ngati latsekeka, mawu akumveka patali, nthawi zina n'kumachita kachizungulire, kawirikawiri ndi phula louma lomwe ladzadza mkati. Kamtengo ka machesi kapena ka thonje kasiyeni, kamangokankhira phulalo mkati n'kulitsendera.

Gonani chammbali, khutu lovutalo liyang'ane kumwamba. Donthezanimo madontho 2 kapena 3 a mafuta a olivi, mukhale choncho mphindi 5 mpaka 10. Chitani zimenezi katatu patsiku kwa masiku 3 mpaka 5. Mafutawo amafewetsa phula, ndipo limatuluka lokha pang'onopang'ono, mwina mudzaliona pa pilo m'mawa.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mafuta ozizira amayambitsa chizungulire, chifukwa mkati mwa khutu ndi momwe muli ziwalo zotithandiza kuima osadzandira. Fumbatani kabotoloko m'manja kaye kuti kafunde. Osawatenthetsa pamoto ayi.

Ngati khutu likupweteka, likutuluka mafinya kapena linabookapo mkati, osathiramo kalikonse, pitani kuchipatala akalione. Chizungulire chikabwera ndi kulephera kulankhula bwino, kupindika kwa pakamwa kapena kufooka kwa dzanja, limenelo si phula, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.