Kufufuza mbiri ya mphunzitsi wochokera ku Norway amene anakhala phungu ku America

Yambirani ku America, osati ku Norway. Ngati munthuyo anali phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Minnesota, laibulale ya nyumbayo, yotchedwa Legislative Reference Library, ili ndi mndandanda wa aphungu akale pa intaneti, wosonyeza dera limene ankaimira ndi zaka zake. Ngati anali phungu ku chigawo cha Wisconsin, tsegulani Blue Book (buku la boma la chigawocho) ya chaka chimene anasankhidwa. Mumakhala mbiri yaifupi, ndipo nthawi zambiri imatchula kumene anabadwira. Koperani dzina la malowo chilembo ndi chilembo.

Za uphunzitsi wake sizipezeka m'mabuku a boma okha. Fufuzani m'nyuzipepala za m'tauni yake, komanso mu Decorah-Posten, nyuzipepala ya Chinorway imene inkatuluka ku Iowa kuyambira 1874 mpaka 1972. Makalata ndi zolemba zambiri za anthu ochokera ku Norway amene anasamukira ku America zimasungidwa ndi Norwegian-American Historical Association ku St. Olaf College, ku Northfield, m'chigawo cha Minnesota. Kalembera wa dziko lonse wa 1890 musamuvutikire, pafupifupi yense anawonongeka ndi moto mu 1921. Gwiritsani ntchito wa 1900, amene amatchula chaka chimene munthu anafika ku America, ndi wa boma la Minnesota kapena Wisconsin wa 1885 ndi 1895.

Pa dzina ndi pamene ambiri amasokera. Lamulo la mayina la 1923 lisanabwere, mabanja ambiri akumidzi ku Norway analibe dzina limodzi lokhazikika. Mwana wamwamuna wa Anders ankatchedwa Andersen, wamkazi Andersdatter, kenako nkuwonjezerapo dzina la famu imene akukhala. Akasamuka, dzina la famu linkasintha. Atafika ku America, mchimwene wina ankatenga Anderson, wina dzina la famu, mwakuti ana a mimba imodzi amaoneka ngati si pachibale. Zilembo ø, å ndi æ nazonso zinkasinthidwa, choncho yesani kalembedwe kangapo.

Mukadziwa parishi yake ya ku Norway, pitani pa Digitalarkivet, tsamba la pa intaneti la zolemba zakale za dziko la Norway, n'kwaulere. M'mabuku a tchalitchi yang'anani ubatizo, kenako tsamba la "utflyttede", la anthu amene anasamuka. Musakhutire ndi dzina lokha: tsiku lobadwa ndi mayina a makolo zigwirizane. Ndipo mukamusowa m'mabuku a doko la New York, kumbukirani kuti m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 ambiri ankatsikira ku Quebec, ku Canada.