Galimoto yobedwa yapezeka, koma makiyi palibe

Sienta ya mlamu wanga inapezeka itatayidwa cha ku Luwinga patatha milungu itatu, zitseko zili zokiya, makiyi anapita ndi mbava. Iye anatola kale mwala kuti aswe galasi, ine n'kumugwira dzanja.

Inunso musaswe, ndipo waya musalowetse m'chitseko. Dikirani apolisi aione kaye, muijambule mbali zonse chifukwa a inshuwalansi adzafuna zithunzizo. Tengani blue book ndi chitupa chanu, nambala ya chasisi igwirizane ndi ya pa galimotoyo.

Akakulolani, itanani wodula makiyi. Wathu anapopa kapilo kakang'ono pakona ya chitseko, n'kutsegula osakanda penti ngakhale pang'ono. Batire inali itatha, choncho pitani ndi ina.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti kiyi yakale ikadali m'thumba la wakubayo, ndipo kwanu akukudziwa. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi immobiliser, kachipangizo koletsa injini kulira ngati kiyi si yolembetsedwa: uzani mmisiriyo afufute makiyi akale m'kompyuta ya galimoto polembetsa atsopano. Maloko a zitseko musinthenso tsiku lomwelo, musanaiimike pakhomo.