Thukuta la usiku pa zaka 48: zochita esitirojeni ikayamba kuchepa

Ndinayezetsa malungo kawiri mu June, nthawi imene aliyense amafunda mabulangete awiri, ine ndikudzuka pakati pa usiku malaya ali chonyowa. Malungo sanapezeke. Namwino anafunsa zaka zanga, ndipo nditati 48 anangoti, "Mayi, nanga kumwezi mukupita bwanji?"

Esitirojeni ndi imodzi mwa mahomoni, michere imene thupi limadzipangira lokha. Kwa ife amayi yambiri imachokera m'timatumba tiwiri tosunga mazira. Ndi yomwe inatimeretsa mabere tili atsikana, ndipo mwezi uliwonse imakhuthalitsa m'kati mwa chiberekero poyembekezera mimba. Imalimbitsa mafupa, imasunganso chinyezi ku njira ya abambo. Amuna nawonso ali nayo, kungoti ndi yochepa. Kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55 imayamba kukwera ndi kutsika mosalongosoka, kenako n'kutsikiratu, ndipo timasiya kusamba. Mbali ya ubongo yoyang'anira kutentha kwa thupi imasokonezeka nazo, n'chifukwa chake timamva ngati moto woyambira pachifuwa n'kukwera kumaso.

Yambani ndi kope, langa ndinalanda kwa mdzukulu. Lembani tsiku limene mwayamba kusamba, masiku amene mwatenga, komanso ngati magazi anali ambiri. Kuti mwasiya kusamba zimadziwika pakadutsa miyezi 12 yathunthu osaona kanthu, ndipo mutu suungasunge zimenezi. Ine ndinakhala miyezi inayi ndili gwa, n'kumadzitama kuti ndathana nazo, msambo n'kundipeza ndili m'minibasi ya ku Limbe, nditavala siketi yowala.

Musathamangire kusiya kulera. Malangizo amene azaumoyo amapereka ndi oti mupitirize kwa zaka ziwiri kuchokera pa msambo womaliza ngati simunakwane zaka 50, kapena chaka chimodzi ngati mwapitirira. Jakisoni wa Depo alibe esitirojeni, koma amatha kuimitsa msambo payekha, ndiye kope lija likhoza kukunamizani. Mapiritsi olera a mahomoni awiri ndiwo ali nayo, ndipo sayenera mayi wodwala BP kapena wosuta fodya wopitirira zaka 35. Kambiranani ndi a kusikelo ya zakulera.

Za usiku n'zosavuta. Ndinasiya zovala za nayiloni, ndimagona ndi chitenje cha thonje, china chouma chili kumutu kwa bedi limodzi ndi botolo la madzi. Kope lomwelo linandiwonetsa kuti tiyi wotentha wa madzulo ndi tsabola wa kambuzi ndizo zimandiyatsira moto. Tiyi ndinasiya. Tsabola ndikuyesabe. Za kuuma kwa ku njira ya abambo, wuzani bambo a kunyumba poyera, ndipo mugule mafuta ofewetsa ku famase m'malo mopirira ululu. Ambiri timangokhala chete, kenako banja n'kumaganizirana zachabe.

Mafupa ndiwo amandidetsa nkhawa, chifukwa amafooka mwakachetechete, makamaka zaka zoyambirira mutasiya kusamba. Usipa ndi matemba idyani ndi minga yomwe, muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Bonongwe, mkaka kapena chambiko zimathandizanso. Yendani pansi tsiku ndi tsiku. Ine ndimatsikira dala siteji imodzi ndisanafike kwathu.

Kutenthako kukafika pokulepheretsani kugona ndi kugwira ntchito, alipo mankhwala obwezera esitirojeni m'thupi. Ndi dokotala yekha angakuwuzeni ngati akuyenerani, popeza amene anadwalapo khansa ya m'mabere kapena kuundana kwa magazi nthawi zambiri saloledwa. Mabotolo otsatsidwa pa WhatsApp kuti "amakonza mahomoni" ine sindiwakhulupirira.

Mukaona magazi miyezi 12 ija itadutsa, ngakhale kadontho pa kabudula wam'kati, musati msambo wabwerera. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, mukapemphe kuti akuyezeni khomo la chiberekero, ndipo kope lija mulitenge.