Musanalipire sitandi ku Ruwa, bwerani mudzagone kaye

Mng'ono wanga wa ku Mufakose anandiimbira mwezi watha kuti wapeza sitandi (puloti yomangapo nyumba) cha kuno ku Ruwa, tauni ya kum'mawa kwa Harare muno m'Zimbabwe, ndiye amafuna ndimuuze ngati kuno n'kwabwino. Ndinamuuza kuti yankho litengera amene wamufunsa ndi nthawi imene wafika. Ine ndinabadwira ku Mabvuku, bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito yaukhukhi, ndipo ndakhala ku Ruwa kuyambira 2013. Zimene ndinamuuza mng'ono wangayo ndi zimene ndalemba pano, poti ndikudziwa kuti ambiri mwa ife tatopa ndi chipinda chimodzi cha lendi ndipo maso ali kum'mawa kuno.

Choyamba, dziwani amene mukulankhula naye. Mukapeza mdala amene anafika kuno m'ma 1990, adzakuuzani kuti tauni inaonongeka. Iye akukumbukira nthawi imene mbali zambiri zinali mafamu, munthu ukatuluka panja n'kumaona ng'ombe, aliyense akudziwana ndi mnzake. Mukapeza amene wangomaliza kufolera nyumba yake ku Damofalls kapena ku Zimre Park, adzayamikira chilichonse, ngakhale fumbi, chifukwa sitolo iliyonse yatsopano ikukweza mtengo wa nyumba yake. Koma roja, munthu wokhala pa lendi, adzakuuzani kuti chitukuko chimenechi kwa iye ndi landilodi kugogoda pakhomo ndi mtengo watsopano. Onsewa akunena zoona. Kalembera wa 2012 anapeza anthu pafupifupi 57,000 ku Ruwa, wa 2022 anapeza opitirira 94,000, ndipo malowa anangovomerezedwa kukhala tauni mu 2008. Anthu akachuluka mothamanga chonchi, wina amapindula, wina amapanikizika, mumsewu umodzimodzi. Ine ndimakhulupirira kwambiri roja, makamaka mayi wa ana. Alibe chogulitsa, ndipo ndi iye amene amadzuka kukasaka madzi.

Wogulitsa sitandi adzakutengani Loweruka masana pa galimoto yake, dzuwa likuwala, misewu ili phee. Pitani, palibe cholakwa. Koma mubwerenso nokha pakati pa sabata, mugone kwa wachibale kapena kwa mnzanu wa ku tchalitchi, mudzuke isanakwane 5 koloko.

Nthawi imeneyo pitani pamjigo, umene anzathu Achishona amati chibhorani. Ine tsiku langa loyamba ndinapeza zigubu za malita 20 zitandandalikana mpaka pokhota msewu, eni ake ena kulibe, asiya mwala kapena ndowa yong'ambika kuti iwasungire malo. Mnyamata wina anali atagona pa wilibala atadzifunditsa jekete. Ndinapatsa moni mayi wina wachikulire m'Chishona, iwo atamva kalankhulidwe kanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi si inu a kwathu inu?" Anali ochokera ku Ntcheu. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, nanga m'mipopi madzi amabwera liti?" Anaseka. "Mwana wanga, mpopi wanga uli ndi kangaude. Akabwera amabwera usiku, ndiye umagona khutu lili kubafa." Mawu amenewo anandiphunzitsa zambiri kuposa pepala lokongola limene wogulitsa anandipatsa.

Musafunse kuti "madzi aliko?" chifukwa aliyense adzati aliko. Funsani kuti anatuluka komaliza tsiku liti, anatenga maola angati, komanso ngati amafika nyumba za kumtunda. Mukatero yendani mumsewu wa sitandiyo mukuyang'ana m'mwamba. Mukaona nyumba iliyonse ili ndi thanki yobiriwira ya malita 5,000 pansanja, dziwani kuti anthu kumeneko amagula madzi kwa amagalimoto kapena anaboola mjigo wawo, ndipo inunso muike ndalama imeneyo pa mtengo wa sitandi. Pemphani kuti mutsegule mpopi wa panja wa nyumba yoyandikana. Ukangopuma mpweya, mwamva nokha. Madzi a Harare ambiri amayeretsedwa ku Morton Jaffray, kufupi ndi nyanja ya Chivero, kumadzulo kwenikweni, ndipo ife a kum'mawa tili kumathero a mapaipi. N'chifukwa chake ku Mabvuku ndi ku Tafara tinazolowera ndowa kalekale. Wogulitsa aliyense adzakutchulirani damu la Kunzvi la m'boma la Goromonzi, limene akhala akulikamba kuyambira ndili mtsikana. Mverani, koma damu kudzaza ndi nkhani ina, paipi kufika pakhomo panu ndi nkhani inanso. Musalipirire madzi amene simunawaone.

Ngati anthu a kumeneko amamwa a pachitsime, pimani ndi mapazi anu mtunda wochoka pachitsime kufika pachimbudzi cha anansi kapena pa dzenje la zonyansa. Masitandi a masiku ano ndi aang'ono, ndipo zitsime zimakumbidwa pafupi kwambiri ndi maenje. Amene tinali muno nthawi ya kolera ya 2008, imene inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno, sitimaseka nazo zimenezi.

Mukachoka pamjigo kwerani kombi (minibasi) yopita m'tauni ngati munthu wopita ku ntchito. Pamapu, Ruwa ili makilomita ongopitirira pang'ono 20 kuchokera pakati pa Harare, motsata msewu wa ku Mutare. Koma muwerenge nthawi kuyambira pamene mwatseka chitseko, chifukwa masitandi otchipa ali kutali ndi tala, ndipo kachigawo kochoka kunyumba kufika pamsewu waukulu kamadya nsapato kapena ndalama ya mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo. Onani mmene magalimoto amathinirana pokhotera ku Mabvuku ndi pa Msasa. Madzulo mukakwerenso pa Fourth Street, imene tsopano ikutchedwa Simon Muzenda, cha m'ma 5 koloko, ndipo ngati mungathe musankhe tsiku la mvula kuti mumve mmene mahwindi, anyamata oitanira makombi, amasinthira mtengo mitambo ikangoda. Muchulukitse ndalamayo ndi masiku a mwezi ndi anthu a pakhomo panu amene amapita m'tauni. Ena amapeza kuti lendi imene amathawa ku Mbare yangosanduka ya kombi.

Za magetsi sindichulutsa. Amazima kulikonse. Ingoonani ngati mapolo ndi thiransifoma zafika kale mumsewuwo, kapena anthu akusonkherana kuti agule okha. Sukulu ndi chipatala, funsani amayi omwe aja a pamjigo kuti ana awo amayenda mphindi zingati.

Ngati mungadikire, kaoneni sitandiyo mu Januwale kapena Febuluwale. Mu Okutobala malo onse amaoneka ouma bwino. Mvula ikakhazikika m'pamene dambo limadziulula. Mukaona mlulu kapena bango, dothi lakuda lomata kunsapato, achule akulira masana, dziwani kuti mukugula dambo. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana: mng'alu wotsika mopendama kuchokera pakona ya windo, ndi chinyontho chokwera m'munsi mwa khoma ngati mzere wa mchere. Kumanga padambo kumadya simenti yambiri pa maziko, komanso a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi khonsolo angathe kukuimitsani kapena kugwetsa nyumbayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano mapepala, pamene ine ndinapsa. Ndisanabwere ku Ruwa ndinalowa kopaletivi ina ya nyumba, kumbali ina ya tauni. Kwa zaka ziwiri ndinkapereka ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera pa makina anga osokera, malisiti ndikusunga m'chitini cha mabisiketi. Anationetsa malo, anakhoma zikhomo, nambala ya sitandi yanga inalembedwa ndi penti yofiira pamwala. Tsiku lina ndinapita ndi mwamuna wanga kukalambula, tinapeza anthu akuthira konkire m'maziko. Bambo wa pamenepo anatulutsa pepala lake, ine langa. Nambala imodzi, chidindo chimodzi, siginecha imodzi. Sitinakangane n'komwe, tinangoyang'anana. Iye anali ndi simenti pansi, ine ndinali ndi chitini cha malisiti. Ndalama ija sinabwerere.

Ndiye chitani izi. Funsani kaye kuti malowo ali pansi pa khonsolo iti. Anthu amati "ku Ruwa" ponena dera lalikulu, koma Ruwa ili m'chigawo cha Mashonaland East, ndipo malo ena oyandikana nawo ali pansi pa khonsolo ya Goromonzi, ena mbali ya Harare. Pitani nokha ku ofesi ya khonsoloyo, osaperekezedwa ndi wogulitsa, mukafunse ngati pulani yodula masitandiwo inavomerezedwa, ndiponso ngati wokonza malowo anapatsidwa certificate of compliance, pepala losonyeza kuti misewu, madzi ndi mapaipi a zonyansa anamaliza monga analonjezera. Kuno madera ambiri anatsegulidwa ndi makampani, osati khonsolo, ndiye pepala limeneli ndi lofunika kwambiri. Funsani chimene mudzagwire m'manja mukamaliza kulipira: title deeds (chikalata cha umwini), cession (pepala lokusamutsirani ufulu wa pamalowo), kapena offer letter (kalata yokulonjezani malo) chabe. Offer letter si umwini. Ngati akuti pali title deeds, loya akafufuze ku Deeds Office kuti dzina lili pamenepo ndi la amene akukugulitsaniyo, komanso kuti malowo sanaikidwe chikole ku banki. Ndalama ya loya imawawa, koma ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zanga ziwiri zija. Musapereke madola m'manja mwa munthu m'galimoto kapena pansi pa mtengo, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Ndipo wina akakuuzani kuti "mangani msanga, boma lidzavomereza pambuyo pake", kumbukirani Murambatsvina wa 2005, pamene boma linagwetsa nyumba zimene linati n'zosavomerezeka, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama.

Pali china chokhudza ife ana a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Konzani chitupa chanu musanasaine kalikonse. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, amati munthu wobadwira muno, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito, ndi nzika yobadwa. Komabe ambiri akuyendabe ndi zitupa zakale zolembedwa kuti alien. Onaninso kalembedwe ka dzina. La bambo anga analilemba ndi r pamene pali l pa chitupa, pomwe pa kalata yanga yobadwira lili ndi l, ndipo kachilembo kamodziko kanandiyendetsa miyezi. Dzina la pa pepala la sitandi lifanane ndendende ndi la pa chitupa, apo ayi ana anu adzavutika inu mutapita.

Funso lomaliza limene anthu amachita nalo manyazi ndi la maliro. Ku Mabvuku, ku Tafara, ku Mufakose kapena ku Epworth, munthu akamwalira uthenga umayenda wokha, a sosaite ya maliro amafika ndi mapoto, amayi a chigwirizano amayamba nyimbo za kwathu usiku womwewo. M'madera atsopano aliyense ali kuseri kwa mpanda wake wa njerwa, ndipo mungathe kukhala chaka osadziwa dzina la woyandikana naye. Achinyamata amati ndi mtendere umenewo. Apongozi anga anakhala nafe miyezi itatu n'kubwerera ku Mabvuku, akuti kuno kuli ngati kuchipatala. Musachoke mu sosaite yanu yakale, pitirizani kusonkha, ndipo muwerengeretu kuti Lamlungu kapena Lachisanu mudzakwera makombi angati kukafika ku CCAP kapena kumzikiti kumene munazolowera.

Mng'ono wanga akubwera Lachiwiri madzulo kudzagona kuno. Ndamuuza abweretse majombo, fotokope ya pepala limene wogulitsa anamupatsa, ndi chigubu chimodzi chopanda kanthu, chifukwa pamjigo munthu wopanda chigubu anthu samasuka naye.