Mwana wa m'komboni akayamba kudzionera pansi, muthandizeni chonchi

Ife a ku komboni ya Mtendere mu Lusaka timadziwa, ungoyenda pang'ono wafika kale ku Kabulonga kapena ku Ibex Hill, mageti aataliatali, malaiti akathima kwao jenereta ikulira ife tili pa kandulo. Akuluakulufe tinazolowera, koma mwana wa zaka 15 amaziona masana panjira, usiku akuzionanso pa TikTok, ndiye mumtima amayamba kuwerengera kuti kodi ineyo ndinalakwanji.

Yambani ndi kuyang'anitsitsa masiku amene amadwala. Mwana wa mng'ono wanga m'mimba munkamupweteka pa tsiku lovala zovala zakunyumba kusukulu basi, masiku a yunifomu ali bwinobwino. Tinkati ndi ulesi, mpaka kumukalipira. Kumeneko vuto linali jini imodzi ya salaula yomwe anzake anaiwerenga kale kuti ndi yomweyo, komanso pa buleki ena akugula chipisi ndi soseji iye ankakabisala kuseri kwa kalasi ati akuwerenga. Zina zoti muone, kugona kwambiri kapena osagona, kupsa mtima pa tinthu tating'ono, kusiya mpira kapena kwaya, mamakisi kutsika mwadzidzidzi. Si zachilendo ayi, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwa achinyamata 7 a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo.

Polankhula naye musamukhazike pampando ngati pali mlandu, sayankha. Mutengeni mukamapita kotunga madzi kapena muzisankha naye nyemba, manja ali pa ntchito maso osayang'anizana, mufunse kuti mwanawe, kusukulu anzako akuti bwanji masiku ano? Akangokhala chete musiyeni, mawa mufunsenso. Ndipo chonde mawu aja akuti ife tinkapita kusukulu opanda nsapato asungeni, inu munalibe nsapato ndi kalasi yonse, iyeyu alibe yekha, n'zosiyana kwambiri.

Za ndalama muuzeni zoona. Ana amamva makolo akunong'onezana za lendi usiku ndiye amadziona ngati katundu wolemetsa pakhomo. Kunena kuti mwezi uno foni sitikwanitsa koma nsapato tigula pa 30, ndipo umphawiwu sunabwere ndi iwe, kumamupepuza kuposa kulonjeza zabodza.

Kenako chotsani timanyazi ting'onoting'ono tomwe mungakwanitse. Kuyambira 2022 masukulu a boma salipiritsa fizi mpaka giredi 12, koma yunifomu, ya basi ndi chakudya cha pa buleki zikadali pamutu panu. K5 m'thumba, mapadi a mtsikana osadikira kuti achite kupempha, izi zimaoneka zazing'ono kwa ife chabe. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi a guidance, amene amalangiza ana pasukulu, ndiponso mufunse ku ofesi ya khansala wa wadi yanu za mabasale a CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera, amathandiza a sukulu zogonera konko ndi maphunziro a ntchito zamanja. Mtsikana akatenga mimba si mapeto a sukulu, kuyambira 1997 malamulo amalola kubwerera akabereka.

Koma akayamba kunena kuti bola ndingofa, kapena kugawa zinthu zake, kapena mwamuona ndi ma junkie akumwa kachasu, apa musadikire kuti zimutha zokha. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, kufunsako sikumupatsa maganizowo ayi. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, mapiritsi ndi zingwe, asagone yekha, imbani 116 ya Childline kapena 933 ya Lifeline, zonse ndi zaulere ngakhale mulibe tokutaimu. Kukacha mupite naye ku kiliniki, m'makiliniki ambiri muli kachipinda ka achinyamata okhaokha. Akakutumizani ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, musachite mantha ndi pakamwa pa maneba kuti mwana wapenga, kumeneko ena amangoonana ndi dokotala kapena mlangizi n'kukwera basi pa Great East Road kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kupemphera pempherani, koma tsiku lomwe akulemberani kuti mubwerenso musaliphonye.