Ku Wiltshire pitani masiku awiri, ndipo musathere pa Stonehenge

Ulendo wanga woyamba ku Wiltshire ndinauononga ndekha. Ndinatsika basi pa Stonehenge, bwalo lotchuka la miyala ikuluikulu yoimikidwa ndi anthu akale, kuzungulira miyalayo kamodzi, kujambula zithunzi, madzulo omwewo ndili m'sitima kubwerera ku London, mumtima ndikuti ndaona. Kuona kwake kuti? Chigawo chimenechi, kumwera kwa England, chimafuna masiku awiri. Nditabwererako ndinayenda motere, ndipo inunso yendani momwemu.

Pogona pezani ku Salisbury. Sitima yochokera pa siteshoni ya Waterloo ku London imatenga ola ndi theka. Mukatsika simusowa wokulozerani njira: nsonga ya tchalitchi chachikulu cha mumzindawu ndi yotalika mamita 123, palibe inzake yoiposa mu Britain monse, ndiye ingoilondolani. Tchalitchichi anayamba kuchimanga mu 1220 n'kuchipatula mu 1258. Nsongayo anachita kusanjikiza pambuyo pake, ndipo kulemera kwake kunapinda nsanamira zoinyamula. Imani patsinde pa imodzi, muyendetse maso motsata mwalawo mpaka kudenga, muona kuti yakhota ndithu. Chinandiimitsa mutu kwambiri ndi maziko: kuya kwake ndi mita imodzi ndi pang'ono chabe, pa nsangalabwi zodzaza madzi. Pansi pali kabowo komwe woonetsa alendo amapisamo ndodo, n'kuizula ili chonyowa. Ine ndinayang'ana ndodoyo, n'kuyang'ananso kudenga, n'kusuntha pamalopo mwakachetechete.

Musatuluke musanaone wotchi ya chitsulo ya m'ma 1386, yopanda nkhope ndi mivi, yomwe ntchito yake inali kuliza belu basi. M'chipinda china muli Magna Carta ya 1215, chikalata chomwe chinaika malire pa mphamvu za mfumu ya England, chimodzi mwa zinayi zoyambirira zomwe zatsala, kujambula n'koletsedwa. Ofuna kukwera nsanja alembetseretu, ndipo adziwe kuti masitepe alipo 332.

Masana pitani ku Stonehenge. Tikiti gulirani pa intaneti, musankhe nthawi yolowera. Mamembala a English Heritage ndi a National Trust, mabungwe osamalira malo akale, salipira, koma naonso ndi bwino kusungitsa malo. Basi ya alendo imanyamukira pa siteshoni ya sitima ku Salisbury konko. Kuchoka pofikira alendo kukafika pamiyala pali makilomita awiri ndi theka, ndipo pali kabasi kokutulani, koma ngati miyendo ili bwino yendani wapansi. Mudutsa pafupi ndi timitumbira ta manda akale, miyalayo n'kumakula pang'onopang'ono patsogolo panu. Ikuluikuluyo, yolemera matani 25 umodzi, inachokera cha ku Marlborough, ku Wiltshire komweko. Ing'onoing'onoyo anakaitenga kumapiri a Preseli ku Wales, mtunda wopitirira makilomita 200, zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Koma musayembekezere kuikhudza. Pali chingwe, pali khamu, ndipo mphepo ya pachidikhapo siona nkhope, choncho jekete likhale pafupi ngakhale kunja kuli dzuwa. Pobwerera basi imaima pa Old Sarum, pachitunda pomwe panali mzinda woyamba ndi tchalitchi chake anthu asanasamukire kuchigwa. Patsala mabwinja okha. Ola limodzi lakwana.

Tsiku lachiwiri lonse lipatseni Avebury. Kuno ndiye kunagwira mtima wanga. Pagalimoto ndi ulendo wa ola limodzi kuchokera ku Salisbury. Opanda galimoto akwere basi nambala 49 yomwe imadutsa pamudzipo pakati pa matauni a Swindon ndi Devizes. Bwalo la miyala la pano ndilo lalikulu kuposa onse padziko lapansi, lalikulu moti mudzi unamangidwa m'kati mwake: nyumba, misewu, ngakhale malo omwera otchedwa Red Lion. Kulowa n'kwaulere, mumalipira poimika galimoto pokha. Chingwe palibe. Mumayenda pakati pa nkhosa zikudya msipu, n'kutsamira mwala, kuusisita ndi chikhatho, kumva kuzizira kwake ndi ndere zake zokhakhala. Pondani mosamala, nkhosa sizisankha pochitira.

Miyala yambiri mukuionayo inachita kudzutsidwa. Anthu a pamudzipo kalelo ankaigwetsera m'maenje n'kuikwirira, ena pambuyo pake ankaiwotcha ndi moto n'kuithira madzi kuti isweke amangire nyumba. Alexander Keiller, wofufuza zinthu zakale, ndiye anaifukula n'kuiimikanso m'zaka za m'ma 1930, ndipo pomwe mwala unasowa anaikapo kachipilala ka simenti. Mu 1938 anapeza mafupa a munthu pansi pa mwala wina, pamodzi ndi sizasi ndi makobidi a m'ma 1300. Mwalawo mpaka lero amautcha wa wometa chifukwa cha sizasiyo. Funsani pomwe uli, ndipo muuzungulire mukudziwa nkhani yake.

Mukatha apo tsikirani kummwera wapansi. Muona Silbury Hill, chulu chachikulu choumbidwa ndi manja a anthu, chotalika pafupifupi mamita 40. Kukwera saloleza, ingochionerani m'munsi. Mukaoloka msewu n'kukwera m'munda mufika pa manda a West Kennet, akale kuposa Stonehenge, a zaka za m'ma 3650 Yesu asanabadwe. Awa mumalowa m'kati. Tizipinda tamiyala tili uku ndi uku, ndipo munapezeka mafupa a anthu oposa 30. Yatsani tochi ya pafoni, weramani polowa m'tizipindato.

Panjira imeneyi m'pamene ndinaphunzirira za nsapato. Dothi la kuno ndi choko, likanyowa limaterera ngati sopo, ndipo ine ndi nsapato zanga za m'tauni ndinakhala pansi osafuna, thalauzi lonse mbuu. Valani jombo. Onaninso nthawi ya basi yomaliza musanachoke pamudzipo, makamaka mu Disembala, pomwe dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko ndipo kumundako kulibe nyali ngakhale imodzi.